Nzeru za Mwana Zimayambira Pakhonde

Mayi wabwera kuchokera kumsika wa pa Ulongwe atagula zitumbuwa ziwiri zofanana. Chimodzi wapatsa mwana wake wa zaka zinayi chathunthu. Chinacho wachinyema pakati n'kupatsa wamng'ono kuti asavutike potafuna. Posakhalitsa wamkulu uja wayamba kulira: "Amayi, iye mwamupatsa ziwiri, ine chimodzi!" Mayi akuyesa kufotokoza kuti n'zofanana, koma mwana sakumva. Mapeto ake mayi wapsa mtima: "Iwe dyera bwanji?"

Ambirife tinaonapo zoterezi m'makomo mwathu. Komatu mwanayo si wadyera ndiponso si wamwano. Akuganiza monga momwe mwana wa msinkhu wake amaganizira: amakhulupirira zomwe maso ake akuona. Mayi akadatenga chitumbuwa chake chija n'kuchinyema patatu, kulira kukadathera pomwepo, mwinanso akadayamba kunyadira kuti iye ndiye wapatsidwa zambiri.

Nkhaniyi ndi yaing'ono, koma ikutikumbutsa chinthu chachikulu. Tikapanda kudziwa momwe nzeru za mwana zimakulira, timalakwa m'njira ziwiri. Mwina timamuyembekezera kuchita zomwe sanafikepo, ndipo akalephera timamutcha wopusa. Mwinanso timangomusiya osacheza naye poganiza kuti sanayambe kumva, n'kumadikira kuti aphunzitsi adzayambe naye akadzakwanitsa zaka 6 n'kulowa Sitandade 1. Njira zonse ziwirizi zimalanda mwana chinthu chovuta kubweza. Kodi akatswiri a kaganizidwe ka ana anapeza zotani, nanga zikutithandiza bwanji ife a ku Machinga ndi Balaka?

Mwana amaganiza mwa njira yakeyake

Munthu amene anathandiza dziko kumvetsa nkhani yonga ya chitumbuwa ija ndi Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland yemwe anabadwa mu 1896 n'kumwalira mu 1980. Ali mnyamata anagwirapo ntchito yoyesa nzeru za ana a sukulu ku Paris. Chomwe chinamuchititsa chidwi si mayankho olondola ayi, koma olakwa, chifukwa ana a msinkhu umodzi ankalakwitsa mofanana. Pambuyo pake anayamba kuyang'anitsitsa ana ake atatu kuyambira ali makanda, n'kumalemba zomwe ankachita tsiku ndi tsiku. Iye anati kaganizidwe ka mwana kamadutsa m'magawo anayi.

Gawo loyamba limayambira pobadwa mpaka zaka ziwiri. Apa khanda limaphunzira ndi pakamwa, manja, maso ndi makutu. Likamataya supuni pansi, inu n'kutola, ilo n'kutayanso, silikukuyesani dala. Likufufuza ngati chinthu chimagwa nthawi zonse ndiponso kuti chimalira bwanji chikagwa. M'miyezi yoyambirira, mukabisa chidole pansi pa chitenje khanda silichifunafuna. Likamayandikira miyezi 8 kapena 9 limayamba kuvundukula chitenjecho, chifukwa layamba kudziwa kuti chinthu chikabisika sikuti chatha.

Gawo lachiwiri ndi la zaka ziwiri mpaka 7. Iyi ndi nthawi ya masanje. Chitsononkho chimasanduka mwana wobereka kumbuyo, dothi limasanduka nsima, chigoba cha bwemba chimasanduka mbale. Pamenepa mwana waphunzira chinthu chozama: kuti chinthu china chikhoza kuimira chinzake. Ndi luso lomwelo lomwe adzafune kusukulu pomvetsa kuti chilembo chimaimira liwu ndipo nambala imaimira kuchuluka kwa zinthu. Komabe maso amamunamizabe. Yesani izi kunyumba: thirani thobwa lofanana m'makapu awiri ofanana, mwana avomereze kuti n'lofanana. Kenako, iye akuona, tsanulirani la m'kapu imodzi m'botolo lalitali lopyapyala. Mwana wa zaka zinayi kawirikawiri adzasankha la m'botolo, ati ndilo lambiri.

Gawo lachitatu ndi la zaka 7 mpaka 11. Tsopano mwana amatha kubweza zinthu m'mutu mwake. Amadziwa kuti thobwa lija mukalibwezera m'kapu likhala monga linalili. Amatha kusanja zinthu m'magulu ndi kuwerengera chenje, koma amamvetsa bwino akamagwira zinthu zooneka. N'chifukwa chake mwana wa Sitandade 2 amene akuwerengera masamu ndi timiyala, timitengo kapena zitsekerero za mabotolo sitiyenera kumuseka. Akuyenda njira yoyenera.

Gawo lachinayi limayamba cha m'ma zaka 12. Wachinyamata amayamba kuganizira zinthu zosaoneka: chilungamo, tsogolo, zomwe zikadachitika zinthu zikadayenda mwina. Ndi nthawi yomwe amayamba kufunsa kuti, "Chifukwa chiyani lamuloli lili chonchi?" Makolo ambiri timaona ngati ndi mwano, pamene nthawi zambiri ndi chizindikiro choti nzeru zakula ndipo zikufuna zifukwa.

Akatswiri omwe anabwera pambuyo pa Piaget anapeza kuti zaka zimenezi si malire okhazikika ngati a munda. Makanda amadziwa zambiri kuposa momwe iye ankaganizira, ndipo zomwe mwana amagwira tsiku ndi tsiku zimafulumizitsa kumvetsa kwake. Mu 1969 ofufuza ena anapeza kuti ana a mabanja oumba mbiya ku Mexico ankazindikira msanga kuposa anzawo kuti dongo silichuluka kapena kuchepa mukangolisintha maonekedwe. Manja awo anali atawaphunzitsa kale.

Pomwe mwana amafuna dzanja lathu

Katswiri wina, Lev Vygotsky wa ku Russia, anabadwa chaka chomwecho cha 1896 koma anamwalira msanga mu 1934 ndi chifuwa chachikulu, ali ndi zaka 37 zokha. Iye anatsindika chinthu chomwe agogo athu ankachidziwa kale: mwana saphunzira yekha, amaphunzira pakati pa anthu.

Vygotsky anati pali zinthu zomwe mwana angachite yekha, ndipo pali zina zomwe sangathe ngakhale mutamuthandiza. Pakati pa ziwirizi pali zinthu zomwe angathe ngati wina wodziwa atamugwira dzanja pang'ono. Kuphunzira kwenikweni kumachitikira pakati pamenepo. Mukampatsa chophweka kwambiri amatopa nacho, mukampatsa chovuta kwambiri amataya mtima.

Taonani momwe mtsikana wa kufupi ndi Nyanja ya Chilwa amaphunzirira kupeta mpunga. Poyamba amangoonerera amayi ake. Kenako amapatsidwa kalichero kakang'ono kokhala ndi mpunga wochepa, amayi atagwirizira manja ake. Tsiku lina amayi amachotsa manja n'kumangomuuza kuti, "Pendeketsa pang'ono, mwanangu." Mapeto ake amapeta yekha, amayi ali kudimba. Momwemonso mnyamata wa ku Chiuta amayamba ndi kugwirira bambo ake ukonde, kenako kumanga mfundo imodzi, mpaka kudzasoka yekha pong'ambika. Mu 1976 Jerome Bruner ndi anzake anayerekeza chithandizo choterechi ndi mitengo yomwe amisiri amakwerapo pomanga nyumba: imafunika khoma likamakwera, koma imachotsedwa khoma likaima. Kholo lanzeru limadziwa nthawi yogwira dzanja la mwana ndi nthawi yolisiya.

Vygotsky anaonanso kuti chilankhulo ndicho chida chachikulu cha kuganiza. Mwana wa zaka zinayi akamayankhula yekha posewera, amvekere, "Ichi chikhale apa, ayi, chagwa," sanasokonezeke mutu. Akuganiza mokweza, ndipo mawu amenewo pambuyo pake adzalowa mkati n'kukhala maganizo. Choncho mwana amene amayankhulidwa, kufunsidwa ndi kuyankhidwa amakhala ndi zida zambiri zoganizira.

Mfundoyi ndi yofunika kwambiri kwathu kuno, komwe mabanja ambiri amayankhula Chiyao, ena Chilomwe, pamene kusukulu mwana amakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi. Makolo ena amaopa kuti chilankhulo cha makolo chidzamusokoneza mwana kusukulu, ndiye amangomuponyera mawu owerengeka a Chingerezi. Palibe chifukwa choopera. Ana amatha kuphunzira zilankhulo ziwiri kapena zitatu. Chomwe mwana akufuna ndi macheza ochuluka m'chilankhulo chomwe inu mumachidziwa bwino, chomwe mungathe kusimbiramo nthano, kuphera mwambi ndi kufotokozera chifukwa chake mvula imagwa.

Zomwe zinapezeka ku Balaka

Mwina wina anganene kuti zonsezi ndi za azungu. Komatu zinayesedwa kwathu konkuno. Kuyambira mu 2011, boma la Malawi mothandizidwa ndi World Bank ndi mabungwe ena linachita kafukufuku m'sukulu za mmera mpoyamba zokwana 199 m'maboma anayi: Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Izi ndi sukulu zija za m'midzi zomwe ambiri amazitcha CBCC, zoyendetsedwa ndi alezi omwe ambiri mwa iwo amagwira ntchito mongodzipereka.

Sukuluzo zinagawidwa m'magulu anayi mwa maere. Zonse zinalandira zidole ndi zipangizo zophunzirira. Gulu loyamba linathera pomwepo. M'gulu lachiwiri alezi anaphunzitsidwa ntchito yawo. M'gulu lachitatu alezi anaphunzitsidwa komanso ankalandira kandalama kowalimbikitsa. M'gulu lachinayi alezi anaphunzitsidwa, ndipo makolo nawonso ankasonkhana m'magulu kuphunzira momwe angachezere, kusewera ndi kuphunzitsa ana awo kunyumba.

Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 2018, n'zopatsa maganizo. Patatha miyezi 18, alezi ophunzitsidwa aja ankayendetsadi bwino makalasi awo, koma komwe anaphunzitsa alezi okha, kusinthako sikunaonekere mwa ana. Ana omwe anapita patsogolo pa kalankhulidwe ndi pa kakhalidwe ndi anzawo anali a m'gulu lachinayi, komwe makolo analowapo. Koma ofufuza atabwereranso patatha miyezi 36, kusiyana kuja sikunaonekenso.

Ife tikutolapo mfundo ziwiri. Yoyamba: mlezi amakhala ndi mwana maola ochepa chabe, pamene tsiku lonse lotsala lili m'manja mwathu. Sukulu ya mmera mpoyamba ndi yabwino ndipo tizitumizako ana, koma siingalowe m'malo mwa khonde la pakhomo. Yachiwiri: kulera nzeru za mwana kuli ngati kuthirira dimba, si ntchito ya nyengo imodzi.

Ndipo tisataye mtima ndi zomwe zinaoneka pa miyezi 36. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, kuyambira mu 1986 alangizi a zaumoyo ankayendera sabata iliyonse kwa zaka ziwiri ena mwa ana 129 opinimbira, n'kumaphunzitsa amayi awo kusewera nawo ndi zidole zopanga okha. Patatha zaka 20, omwe ankayenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 25 pa 100 iliyonse kuposa anzawo opinimbira omwe sanalandire chithandizocho. Mbewu zina zimachedwa kumera.

Kodi mwana wanzeru ndi wotani?

Pa funsoli, tingaphunzire kwa Achewa anzathu a ku Zambia. Katswiri wina, Robert Serpell, yemwe pambuyo pake anadzatsogolera University of Zambia, anayamba m'zaka za m'ma 1970 kufunsa akuluakulu a m'midzi ya ku Katete kuti mwana wanzeru amamudziwa bwanji. Anapeza kuti kwa iwo nzeru zili ndi mbali ziwiri: kuchenjera, ndi kutumikira. Mwana wanzeru ndi amene amamva msanga, komanso ndi womvera, wokhulupirika, woti mungamutume. Kuchenjera kopanda udindo sankakuwerengera kuti ndi nzeru zenizeni.

Mu 1979 Serpell yemweyo anafalitsa kafukufuku wina woyerekeza ana a ku Zambia ndi a ku England. Anawapatsa ntchito yotengera maonekedwe a zinthu. Pojambula ndi pensulo papepala, ana a ku England anapambana. Popinda waya, ana a ku Zambia anapambana. Poumba ndi dongo, anafanana. Gulu lililonse linachita bwino pa chomwe linazolowera kugwira.

Choncho mnyamata wa pa Liwonde amene amapanga galimoto ya waya yokhala ndi chiwongolero chotembenuzadi matayala, koma m'kalasi akuvutika kugwira pensulo, si mbuli. Nzeru ali nazo. Chomwe sanazolowere ndi pepala. Ntchito yathu ndi kumanga mlatho: awerenge matayala a galimotoyo, aijambule pansi ndi khala, alembe dzina lake pachitseko chake. Ndipo tikamatuma mwana kukagula mchere ndi tomato n'kubweretsa chenje, tikumuphunzitsa kukumbukira, kuwerengera ndi kukhulupirika nthawi imodzi.

Chiyamikiro, mkwapulo ndi chitsanzo

Nanga khalidwe limaphunziridwa bwanji? B. F. Skinner wa ku America, yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1904 mpaka 1990, anaonetsa kuti khalidwe lomwe latsatidwa ndi chinthu chokoma limabwerezedwa. Mwana akagubuduka pansi pa golosale n'kugulidwa switi, waphunzira kuti kugubuduka kumalipira. Akasesa pabwalo koma palibe amene waona, kusesako kumazilala. Ambirife timatsegula pakamwa mwana akalakwa, koma akachita bwino timangoti zii. Skinner anaonanso kuti chilango chimaletsa khalidwe loipa kwa kanthawi, koma sichiphunzitsa khalidwe loyenera. Mwana wokwapulidwa chifukwa cholakwitsa masamu amaphunzira kuopa masamu, osati kuwerengera. Malire ndi ofunika ndipo mwana ayenera kuwadziwa, koma aziperekedwa modekha, mosasinthasintha, ndiponso pomuonetsa choyenera kuchita.

Albert Bandura anaonjezerapo mfundo ina. Mu 1961, ku Stanford University, anaonetsa ana ena munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu. Atasiyidwa ndi chidolecho, ana omwe anaonerera aja ankachimenya mofanana, ngakhale panalibe amene anawauza kutero. Ana amatengera zomwe timachita kuposa zomwe timanena. Ngati tikufuna kudziwa momwe timayankhulira pakhomo, tingomvetsera ana athu akamachita masanje. Tidzamva mawu athu omwe.

Ubongo umafunanso chakudya ndi thanzi

Macheza okha sakwanira ngati thupi lili lofooka. Ubongo umakula mofulumira kwambiri m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pomwe mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira, ndipo kupinimbira kumayendera limodzi ndi kuvutika m'maphunziro. Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6. Kenako phala lake lisakhale lamadzimadzi: tithiremo nsinjiro, soya kapena masamba osinja, ndipo azidya nyemba, nandolo, mazira ndi zipatso monga mango, mapapaya ndi malambe. Tizigwiritsa ntchito mchere wa ayodini. Malungo ndi kuchepa kwa magazi zimafooketsa kaganizidwe, choncho mwana azigona m'masikito usiku uliwonse ndipo akatentha thupi tithamangire naye kuchipatala.

Pa za mafoni, bungwe la WHO mu 2019 linalangiza kuti ana osakwana zaka ziwiri asamaonerere foni kapena TV, ndipo a zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku. Foni imayankhula koma siyankha mwana.

Mukaona kuti mwana sacheuka mukamuitana, sanayambe kuyenda pa miyezi 18, sanayambe kulumikiza mawu awiri pa zaka ziwiri, kapena wasiya kuchita zomwe ankatha kale, uzani alangizi a zaumoyo kusikelo. Vuto likadziwika msanga, chithandizo chimagwira bwino.

Zomwe tingayambe lero

Khanda: liyang'aneni m'maso poyamwitsa. Likatulutsa kamawu, yankhani, kenako dikirani kuti nalo libweze. Tchulani mayina a zomwe likuona. Bambo nawonso alinyamule ndi kuliyankhula; iyi si ntchito ya amayi okha.

Wa zaka ziwiri mpaka zisanu: musiyeni achite masanje ndi kuumba ng'ombe zadothi. Posankha nyemba, asiyanitse zofiira ndi zoyera. Akafunsa kuti "chifukwa chiyani?" muyankheni, kapena mubwezereni funso: "Iwe ukuganiza bwanji?"

Wa zaka 6 mpaka 11: seweraninso naye bawo ndi phada. Akuwerengereni mokweza buku lake la kusukulu, ngakhale inuyo simudziwa kuwerenga, kenako akufotokozereni zomwe wawerenga. Akalakwitsa, musamuuze yankho msanga. Mufunseni momwe walipezera.

Wachinyamata: mupatseni zifukwa, mumvereni mpaka amalize, ndipo mupatseni udindo weniweni monga kusunga kaundula wa ndalama za thonje kapena za mbuzi.

Banja lonse: bwezeretsani nthano ndi zilapi madzulo. Ana akamayankha kuti "Tili tonse," akuphunzira kumvetsera, kukumbukira ndi kulosera chomwe chichitike. Pa mapemphero a banja kapena masana a Sabata, mukatha kusimba nkhani, wamng'ono aibwereze m'mawu akeake.

Zonsezi sizifuna ndalama. Akulu anati mmera mpoyamba, ndipo munda wake ndi khonde lomwe timakhalapo tsiku ndi tsiku. Mayi uja wa pa Ulongwe akadzagulanso zitumbuwa, akhoza kukhala pansi ndi mwana wakeyo, kulumikiza zidutswa ziwiri zija iye akuona, n'kumufunsa kuti, "Tsopano chachikulu n'chiti?" Mwina tsiku limenelo sadzamvetsa. Koma akadzabwereza mawa ndi mkuja, tsiku lina mwanayo adzaseka yekha n'kunena kuti, "Amayi, n'zofanana!"